Dipi, kolala, madontho kapena piritsi: tisankhe chiyani poteteza galu ndi mphaka mvula isanagwe?

Mitengo ya m'phiri la Kanjala ikayamba kuphukira masamba ofiirira, ife nkuyamba kugona osafunda, ndimadziwa kuti nthawi yosuzumira m'makutu mwa agalu yakwana. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala kuno ku Chipata, kum'mawa kwa Zambia, dzuwa limaswa mtengo, ndipo kutenthako kumafulumizitsa kuswana kwa nkhupakupa ndi utitiri. Chizimalupsa chikangogwa, chinyontho chimadzawonjezera pa kutentha: udzu umaphuka, mazira a njoka za m'mimba amaswa m'dothi, nayo ntchentche ya mphutsi imayamba kuzungulira pakhomo. Walira mvula walira matope, ndipo kwa woweta galu matope ake ndi amenewa.

Galu wanga woyamba, Adzatopa, anafa mu Disembala zaka zingapo zapitazo. Nkhupakupa ndinkaziona ndithu, koma ndinkangozithothola tsiku limene ndakumbukira. Lachiwiri anakana nsima. Lachitatu mkodzo wake unali wofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Pamene ndinamukweza pa njinga Lachinayi kupita naye kwa a vetenale, nkhama zake zinali zitayera ngati pepala, ndipo sanafike m'mawa. Anandiuza kuti ndikanapita naye tsiku limene anakana chakudya akanachira. Kuchokera pamenepo ndayesa pafupifupi njira zonse zimene zimapezeka kuno, zotchipa ndi zodula zomwe. Ndaona kuti njira yabwino ndi imene mungathe kuibwereza pa nthawi yake mpaka mvula itatha, ndipo palibe imene imathandiza ngati pogona pa chiweto simukhudzapo.

Tikulimbana ndi ndani?

Nkhupakupa zovuta kwa agalu zilipo mitundu iwiri. Yofiirira imakonda m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo ndi yapakhomo ndithu. Ikakhuta magazi imagwa, nkukwera khoma, nkulowa m'ming'alu ya njerwa kapena ya matabwa a khola, mmene imaikira mazira masauzande angapo. Sifuna tchire imeneyi. Ngakhale galu wa mumpanda ku Kalongwezi amene sanatulukepo pageti imamupeza. Imanyamula kachilombo ka Ehrlichia, kamene kamadwalitsa pang'onopang'ono: galu amawonda, amafooka, nthawi zina amatuluka magazi m'mphuno. Inayo ndi yachikasu pang'ono, ya m'udzu, yokonda khosi ndi mapewa, ndipo imanyamula mtundu woopsa kwambiri wa Babesia, kachilombo kophwanya magazi kamene kanapha Adzatopa. Apa pali mfundo yofunika posankha mankhwala: Babesia salowa m'thupi nkhupakupa ikangoluma. Imayenera kukhala ikuyamwa tsiku limodzi kapena awiri. Njira iliyonse yoichotsa kapena kuipha nthawi imeneyi isanakwane ikhoza kupulumutsa galu.

Chigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa amene amatha ng'ombe zathu, sichigwira agalu, koma galu wotsatira ng'ombe kubusa amabwerako ndi nkhupakupa zamitundumitundu.

Utitiri, ena amati nthata, umatinamiza. Umene mukuuona ukuthamanga pamimba pa galu ndi wochepa chabe: pa 100 uliwonse, pafupifupi 95 uli pansi ngati mazira ndi tiana, m'thumba logonera, m'fumbi la pansi pa nkhokwe, m'mphepete mwa khonde. Waukazi umatha kuikira mazira 50 pa tsiku, ndipo kukafunda dzira limasanduka utitiri woluma m'masabata awiri kapena atatu. Galu akaumeza podzikanda ndi mano amatenga njoka yaphanthiphanthi, ija imaoneka ngati timbewu ta mpunga pansi pa mchira. Palinso utitiri wa nkhuku, umene umamatirira m'mphepete mwa makutu a galu ndi mphaka osasuntha. Ndipo ife a kuno tisaiwale agalu opita ndi anyamata kokumba mbewa lupsa likapsa. Utitiri wa makoswe ndi mbewa ndi umene umafalitsa mliri wa plague, umene unavutapo ku Nyimba mu 2015.

Manja, tsache ndi madzi otentha

Njira iyi sifuna ndalama, ndipo ndimaiika patsogolo chifukwa zina zonse zimatsamira pa iyo. Madzulo aliwonse pitani ndi zala m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala za galu. Mukapeza nkhupakupa, igwireni pafupi ndi khungu penipeni ndi kopanira kapena ndi zala zokutidwa ndi pulasitiki, nkukoka mowongoka, pang'onopang'ono. Musaiotche ndi machesi ili pathupi, musaithire parafini, ndipo musaiphwanye ndi zikhadabo. Iponyeni pamoto. Kuitaya pabwalo ndi kubzala mazira.

Pogona pake ndiye pamutu pa nkhani. Thumba lakale litenthedwe, latsopano lizichapidwa ndi kuyanikidwa pa chingwe padzuwa sabata iliyonse. Ming'alu ya khola ithiridwe madzi owira kenako imatidwe. Kumudzi kuzira pansi ndi dothi latsopano kumakwirira mazira ambiri a utitiri, ndipo amayi athu akhala akuchita zimenezi kuyambira kale. Zinyalala zosesa pogona galu zipite pamoto, osati kudzala. Udzu wozungulira nyumba uzitchetchedwa mvula ikayamba.

Kufooka kwa njirayi nkoti maso saona zonse. Nkhupakupa zazing'ono zimakhala ngati njere ya fodya, ndipo pa galu wakuda kapena waubweya wambiri zimapulumuka. Utitiri ndiye simungaumalize ndi manja. Kwa galu mmodzi wa ubweya waufupi m'chisanu, ikhoza kukwanira. Kuyambira Novembala, payokha sikwanira.

Dipi

Iyi ndi njira imene ambiri timaidziwa, chifukwa pakhomo pamene pali ng'ombe botolo la dipi limakhalapo kale. Mankhwala ofala kwambiri ndi amitraz, amene amagulitsidwa ndi maina ngati Triatix ndi Taktic. Pa nkhupakupa amagwira bwino zedi: zimasiya kuyamwa nkugwa zokha. Amathandizanso pa mphere. Mukawerengera mtengo pa galu mmodzi, palibe mankhwala otchipa kuposa awa, chifukwa botolo limodzi limasambitsa agalu ambiri kwa miyezi.

Koma dipi ili ndi malamulo ake, ndipo agalu ambiri afa chifukwa chowanyozera. Choyamba ndi kasungunulidwe. Muyeso wa ng'ombe ndi wa galu si umodzi nthawi zonse, ndiponso mabotolo amasiyana mphamvu. Pitani ndi botolo lanulo kwa a vetenale a m'dera lanu akulembereni mamililita angati pa lita imodzi ya madzi, ndipo muziyeza ndi sirinji, osati ndi chotsekera botolo kapena ndi diso. Kuwonjezera "kuti agwire msanga" ndiko kumapha. Safunsa anadya phula. Chachiwiri, amitraz akasakanizidwa ndi madzi amatha mphamvu msanga, choncho sungunulani okwanira tsiku lomwelo. Mumunyowetse galu ndi kansanza thupi lonse, kupewa maso ndi pakamwa, osamutsukuluza, aume yekha pamthunzi pamene sangadzinyambite kwambiri. Inu valani magolovesi, kapena mapepala a pulasitiki m'manja. Otsala athiridwe m'dzenje kutali ndi chitsime, dimba ndi damu la nsomba, osati m'ngalande yopita ku mtsinje wa Lunkhwakwa.

Amitraz si wa mphaka. Si wa kagalu kosakwana miyezi inayi, galu wodwala kapena woyamwitsa, ngakhalenso abulu ndi mahatchi. Galu amene walandira wochuluka amaodzera, amadzandira ngati woledzera, thupi limazizira. Mukaona zotere musambitseni ndi sopo ndi madzi ofunda nkuthamangira naye kwa a vetenale, botolo lili m'manja.

Zofooka zina ziwiri. Pa utitiri amitraz ndi wofooka, moti mukhoza kuthetsa nkhupakupa galu nkumadzikandabe usiku wonse. Ndiponso mphamvu yake sikhalitsa. M'dzinja muyenera kubwereza sabata iliyonse kapena iwiri, ndipo galu akavumbwa kapena kusambira mumtsinje amakhala ngati sanadipidwe. Apa ndi pamene ambiri timagwera, chifukwa miyezi imene dipi ikufunika kwambiri ndi yomweyo imene tili kumunda kubzala, kupalira ndi kuthira feteleza. Pali madipi ena a ng'ombe okhala ndi cypermethrin kapena deltamethrin, ena osakaniza ndi mankhwala aukali kwambiri. Amenewo musawayese pa galu popanda mawu a vetenale, ndipo mphaka asawayandikire nkomwe.

Ufa ndi sopo

Ufa wowaza, kawirikawiri wa carbaryl, umene timawazanso m'makola a nkhuku, ndi wotchipa ndipo umapha utitiri umene ulipo tsikulo. Pakapita masiku ochepa wayoyoka. Ndimaupeza wothandiza kwambiri m'khola ndi pansi pa thumba kusiyana ndi pathupi, chifukwa chiweto chimaunyambita. Sopo wa agalu nayenso amatsuka zimene zilipo, mawa lake galu alibe chitetezo. Ndi wabwino poyambira pa galu amene wadzadza utitiri, koma osati wodalira nyengo yonse.

Madontho a pakhosi

Awa amabwera m'kachubu kakang'ono. Mumapatula ubweya kumbuyo kwa khosi, pamene lilime silifika, nkufinyira pakhungu penipeni. Odziwika kwambiri ndi a fipronil, monga Frontline. Amayenda m'mafuta a khungu mpaka thupi lonse m'tsiku limodzi kapena awiri, ndiye chiweto chisasambe masiku awiri musanathire ndi masiku awiri mutathira. Amakhala pafupifupi mwezi. Pa utitiri amagwira bwino. Pa nkhupakupa amagwira ndithu, koma ine ndaona kuti m'Januwale, sabata yachinayi ikamafika, zina zimayamba kumatiranso, makamaka m'makutu ndi kumapazi, kutali ndi pothira.

Kwa mphaka, kapena chona monga timanenera ena kuno, iyi ndiyo njira imene ndimaikhulupirira, bola pabokosi pakhale polembedwa kuti ndi ya mphaka. Pano ndiime pang'ono, chifukwa nkhaniyi imandipweteka mtima. Madontho ena a agalu, monga Advantix, ali ndi permethrin. Kwa galu ndi abwino, amaingitsanso ntchentche zoluma. Koma chiwindi cha mphaka sichitha kuwaphwanya. Kadontho kochepa, kapena kungogona mokhudzana ndi galu wothiridwa kumene, kumamuchititsa kunjenjemera ndi kugwa ngati wakhunyu pasanathe maola ambiri, ndipo ambiri amafa. Pakhomo pamene galu ndi mphaka amagona limodzi, asiyanitsidwe masiku atatu, kapena musagule n'komwe mtundu umenewu. Fipronil nayenso amapha akalulu oweta, choncho woweta akalulu asamale.

Kolala

Makolala alipo mitundu iwiri: otchipa a m'mashopu wamba, ndi odula a kwa ogulitsa mankhwala a ziweto. Otchipawo ndawayesa kangapo. Khosi limayera, koma kumchira ndi kumapazi nkhupakupa zili phee, ndipo fungo likatha pakapita masabata ochepa nayo ntchito yatha. Odulawo ndi nkhani ina. Seresto, yokhala ndi imidacloprid ndi flumethrin, imatulutsa mankhwala pang'onopang'ono mpaka miyezi 8. Mukaiveka kumayambiriro kwa Okutobala imakufikitsani kumapeto kwa Meyi, kutanthauza kuti dzinja lonse ladutsa osakumbukira kanthu. Ilipo ya agalu ndi ya amphaka payokha. Ivekedwe moti zala ziwiri zilowe pakati pa kolala ndi khosi, chotsala chidulidwe.

Vuto lake nlakuti ndalama yonse ili pa chinthu chimodzi chimene chikhoza kutayika tsiku limodzi. Galu woyendayenda m'komboni ku Mchini kapena ku Nabvutika, womenyana ndi anzake nthawi yokwerana, wodutsa pansi pa waya, sangaisunge miyezi 8. Kusambira pafupipafupi kumaifupikitsa moyo. Pakhomo pa ana aang'ono okonda kukumbatira galu nkuika zala mkamwa, ndimakayikanso. Ndiponso zachinyengo zachuluka: kachitini kokongola, mtengo wotsika modabwitsa, mkati lamba wamba. Chikomekome cha nkuyu. Kwa galu wa mumpanda, wofatsa, kolala yeniyeni ndi njira yopepuka kuposa zonse.

Piritsi

Mapiritsi otafuna ndi atsopano pa njira zonsezi, ayamba kupezeka zaka khumi ndi pang'ono zapitazo. Bravecto amakhala masabata 12, NexGard ndi Simparica mwezi umodzi. Mankhwala amalowa m'magazi, ndiye utitiri kapena nkhupakupa ikaluma imafa. Utitiri umafa m'maola ochepa, nkhupakupa kawirikawiri isanakwanitse nthawi ija yopatsira Babesia. Mvula siwachotsa, mtsinje suwachotsa, mwana akhoza kumugwira galu, mphaka akhoza kugona naye. Amachizanso mphere bwino kwambiri, ngakhale ija yothothola ubweya mpaka galu kutsala chikopa chokha. Chinanso chimene ndachiona ndi maso: agalu onse a pakhomo akamwa, utitiri wa pansi umatha wokha m'miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa uliwonse woswa ukakwera pa galu umafa usanaikire mazira.

Piritsi limaperekedwa molingana ndi kulemera, choncho muyezeni galu. Kwerani pa sikelo mutamunyamula, kenako nokha, nkuchotsera. Wamng'ono akhoza kuyezedwa m'thumba pa sikelo yokoleka ya ogula soya, mutu uli kunja. Musagule lalikulu kuti mugawire agalu awiri. Bravecto aperekedwe pamodzi ndi chakudya, ndipo muonetsetse kuti wameza. Kagalu kosakwana masabata 8 kasapatsidwe, ndipo msinkhu weniweni woyambira walembedwa pabokosi la mtundu uliwonse.

Zoti mudziwe musanatulutse ndalama. Piritsi siliingitsa kanthu, nkhupakupa iyenera kuluma kaye, ndiye mudzaziona ndithu pathupi, koma zouma, zosakhuta. Ku Europe pepala la Bravecto limanena kuti pa nkhupakupa yofiirira mphamvu yodalirika ndi masabata 8, osati 12, ndiye ngati vuto lanu ndi ija ya m'makoma, mwezi wachitatu muziyang'anitsitsa. Mu 2018 bungwe loona za mankhwala la FDA la ku America linachenjeza kuti gulu ili la mankhwala limatha kuyambitsa kunjenjemera kapena kugwa mwa ziweto zina, choncho galu amene anagwapo khunyu afunsiridwe kaye. Ndipo mtengo wake ndi wolemera, umakwera ndi kukula kwa galu, komanso sapezeka paliponse. Nthawi zina ndimazungulira ku Down Shops osawapeza mpaka kuitanitsa ku Lusaka pa basi. Kwa munthu wa agalu asanu ku Chadiza kapena ku Vubwi, kuuza kuti agule mapiritsi ndi kumulemetsa chabe. Koma wa galu mmodzi kapena awiri awerengere bwino: mapiritsi awiri a masabata 12 amaphimba kuyambira Okutobala mpaka Marichi, ndipo ndalama imeneyo aiyerekeze ndi ya mayendedwe, jekeseni ndi kutaya mlonda wa pakhomo.

Jekeseni ya ivermectin

Ambiri amaikonda poganiza kuti jekeseni imodzi imapha zonse. Pa mphere ndi njoka zina za m'mimba imathandiza. Pa utitiri ilibe ntchito, njoka yaphanthiphanthi siipha, ndipo pa nkhupakupa mphamvu yake ndi ya masiku ochepa. Botolo lake ndi la ng'ombe, ndiye kulakwitsa pang'ono pa kagalu kakang'ono kumakachititsa khungu ndi kukomoka. Agalu a mtundu wa collie ndi abale ake saipirira. Ikhale m'manja mwa a vetenale.

Za kumudzi, zabwino ndi zoopsa

Mthuthu, umene ena amautcha ombwe kapena ububa, tili nawo m'minda yambiri chifukwa ofufuza zaulimi a ku Msekera anaulimbikitsa kwa zaka ngati mtengo wobwezeretsa chonde. Masamba ake osinja ndi kuviika m'madzi amaphadi tizilombo, ndipo alimi ena amapopera nawo ng'ombe. Sindiunyoza. Koma zinapezeka kuti mitengo ina ya mtundu womwewu ilibe mphamvu imeneyo ngakhale ikuoneka chimodzimodzi, ndiye simungadziwe ngati madzi anu ali aukali kapena ndi madzi chabe. Ndi poizoni wa nsomba, ndipo nkhumba nazo siziupirira. Ine ndimawaza m'khola ndi m'makoma galu atatuluka, osati pa tiana kapena pa mphaka. Masamba a nimu oyala pansi pa thumba amathandiza pang'ono, phulusa louma chimodzimodzi, koma pa nkhupakupa za m'dzinja ndi zopepuka.

Tsono pali zina zimene ndikupempha ndi mtima wonse kuti tisiye. Oilo wakuda wa galimoto, dizilo ndi parafini zimaotcha khungu, galu akanyambita zimawononga chiwindi ndi mapapo. Mankhwala opopera thonje kapena ndiwo, amene kuno ali m'nyumba zambiri, apha agalu osawerengeka, ndipo amalowanso pakhungu la wothirayo. Mankhwala osungira chimanga ndi opopera udzudzu m'nyumba si a pathupi pa chiweto. Madzi a fodya wonyika ali ndi poizoni wolowa pakhungu. Jeyes Fluid ndi woopsa kwa mphaka, ndipo piritsi limodzi la Panado likhoza kumupha. Mankhwala otsanuliridwa m'kabotolo kopanda dzina pamsika musagule, chifukwa chiweto chikadwala palibe amene angadziwe chochizira. Enieni amakhala ndi pepala la malangizo ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo mankhwala a ziweto m'dziko muno amalembetsedwa ku ZAMRA, bungwe la boma loona za mankhwala.

Zimene dipi ndi kolala sizifikako

Njoka za m'mimba zimafuna mankhwala akeake. Zoyamwa magazi m'matumbo zimaswa m'dothi lofunda lachinyontho nkulowera m'mapazi, ndipo tiana ta galu timazitengera mumkaka wa mayi. Kagalu ka mimba yotupa, ubweya woyimirira ndi chimbudzi chakuda kakhoza kufa ndi kuchepa magazi. Tiana timwetsedwe kuyambira masabata awiri, kubwereza masabata awiri aliwonse mpaka miyezi itatu, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6. Akuluakulu miyezi itatu iliyonse. Piperazine ndi wotchipa koma amapha mtundu umodzi wokha. Mapiritsi osakaniza okhala ndi praziquantel ndi pyrantel, monga Drontal, amagwira ndi yaphanthiphanthi yomwe. Chimbudzi cha galu chizitoledwa nkukwiriridwa, chifukwa ana athu oyenda opanda nsapato amasewera m'dothi lomwelo. Pophera mbuzi pa Khirisimasi, zamkati zopatsa galu ziphikidwe.

Mphutsi za pakhungu zimabwera ndi nyengo ya mango, mpaka ena amaganiza kuti zimachokera m'mango. Ayi. Ntchentche yake imaikira mazira pa mchenga wa pamthunzi wonunkha mkodzo kapena chimbudzi, ndiponso pa nsalu zonyowa zoyanikidwa pansi. Kamphutsi kamaboola khungu, nkukulira mkatimo masiku 8 mpaka 12, nkupanga chotupa chokhala ndi kabowo pakati. Tiana togona pamchenga timatha kukhala nazo zambirimbiri. Matani kabowoko ndi Vaseline kuti isowe mpweya, dikirani pang'ono, finyani kuchokera pansi ituluke yathunthu, nkutsuka ndi madzi a mchere. Choteteza chenicheni ndi kugoneka galu pa simenti, pa matabwa kapena pansi pozira, osati pamchenga, ndi kusuntha malo omangirira. Vaseline yemweyo, wopaka mochindikala, amateteza nsonga za makutu ku ntchentche zoluma zija zimasiya zilonda.

A ku Mambwe, ku Mfuwe ndi m'chigwa monse mwa Luangwa ali ndi mdani wina, kashembe. Amapatsa agalu kaodzera wa ziweto: kutentha thupi, kutupa nkhope, maso kuchita mtambo. Piritsi silimuletsa kuluma. Kumeneko kolala kapena madontho oingitsa, a gulu la deltamethrin ndi permethrin, ali ndi phindu limene ku tauni alibe, malinga mphaka atalikire.

Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo sakananso chakudya pachabe. Akakana tsiku limodzi m'nyengo ino, kwezani mlomo wake muone nkhama. Zikhale zofiirira. Zikayera kapena kuchita chikasu, mkodzo nkuda, pitani tsiku lomwelo. Musamubaye nokha Berenil wa ng'ombe. Amachizadi Babesia, koma mwa galu muyeso wochiza ndi wopha zayandikana kwambiri, ndipo kubwereza pasanapite masabata kumawononga ubongo. Muli komweko funsani za katemera wa chiwewe, amene amayamba pa miyezi itatu nkumabwerezedwa chaka ndi chaka. Tsiku lokumbukira matendawa ndi 28 Seputembala, ndipo nthawi imeneyo a ofesi ya vetenale amakonda kuyendera madera.

Ndiye ndani atenge chiyani?

Wa agalu ambiri kumudzi, wokhala ndi ng'ombe, atenge amitraz woyezedwa ndi sirinji, asankhe tsiku limodzi pa sabata losasintha, awonjezere ufa m'khola chifukwa cha utitiri, ndipo nkhuku zisagone pamodzi ndi agalu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: dipi imene muli nayo ndipo mudzaibwereza iposa piritsi limene mudzagula kamodzi nkulekeza. Wa galu mmodzi wa mumpanda amene amaiwalaiwala, kolala yeniyeni. Wa galu woyendayenda, wosambira m'madambo, kapena pakhomo pa ana aang'ono ndi mphaka, piritsi, ngakhale la miyezi ya mvula yokha nkubwerera ku dipi m'chisanu. Mphaka, madontho olembedwa kuti ndi a mphaka, basi. Chilichonse mwasankha, ziweto zonse za pakhomo zilandire sabata imodzi, chifukwa chotsalacho chimasungira zinzake mbewu. Ndipo musaphatikize dipi, kolala ndi madontho pa galu mmodzi popanda kufunsa.

Kwanga ndili ndi agalu awiri ndi mphaka mmodzi. Agalu amamwa piritsi sabata yoyamba ya Okutobala, lachiwiri kumapeto kwa Disembala, ndipo Marichi akamatha ndimabwerera ku dipi mpaka kuzizire. Mankhwala a njoka ndimawapatsa tsiku lomwe ndalemba pa kalendala ya kukhitchini. Chaka chino ming'alu ya khola ndamata kale, matumba akale ndatentha, ndipo pamchenga pansi pa mango pamene amakonda kugona masana ndayalapo matabwa. Chatsala ndi madontho a mphaka, amene ndikathire Loweruka madzulo akabwera kudzadya.